Mutu Ukaima pa Intaviyu

Mu 1993, akatswiri atatu a pa yunivesite ya Trier ku Germany, Clemens Kirschbaum, Karl-Martin Pirke ndi Dirk Hellhammer, anafalitsa njira yochititsira munthu mantha mwadala, kuti athe kuyeza zimene zimachitika m'thupi mwake. Sanafune njoka, mdima kapena mfuti. Ankangomuuza munthuyo kuti ayerekeze kuti wabwera kudzafuna ntchito, n'kumuimika pamaso pa anthu atatu osamwetulira, osagwedezera mutu, kuti adzifotokoze kwa mphindi 5. Mawu akamuthera nthawi isanakwane, ankamuuza kuti nthawi ikadalipo, iwo n'kukhala duu kumuyang'ana. Kenako ankamuuza kuti awerenge chobwerera m'mbuyo kuyambira pa 1022, akuchotsera 13 ulendo uliwonse, ndipo akaphonya ayambirenso. Munthuyo ankadziwa bwino lomwe kuti ntchitoyo ndi yongopeka, koma mtima unkathamangabe, ndipo poyeza malovu ake ankapeza kuti timadzi totchedwa cortisol, timene thupi limatulutsa munthu akapanikizika, tachuluka. Mpaka lero ofufuza m'maiko ambiri akugwiritsabe ntchito njira imeneyi.

Ndiye taganizani, ana anga. Ngati intaviyu yamasewera imatulutsa thukuta munthu wokhuta, woti ntchitoyo sakuifuna n'komwe, nanga inu amene mwatha zaka muli pakhomo digiri ili m'sutikesi? Mukanjenjemera musadziyese mbuli, ndiponso musathamangire kunena kuti wina kumudzi wakumangani pakamwa. Ndi mmene thupi la munthu linapangidwira. Ine imvi zandimerera kuseri kwa tebulo lija, kumbali ya ofunsa, ndipo ndaonapo aphunzitsi, anamwino, akalaliki, ngakhale mabwana oti kumaofesi kwawo amaopedwa, onse milomo ikuwauma chimodzimodzi. Wokulonjezani kuti akuphunzitsani kuthetseratu mantha akukunamizani. Mantha adzabwera ndithu. Chimene mungakonzekere ndi choti mudzachite iwo atafika.

Zochitika m'thupimo anazifotokoza kalekale, mu 1915, Walter Cannon wa ku Harvard. Ubongo ukaona choopsa, tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso timathira adrenaline m'magazi. Mtima umathamanga kuti magazi afike msanga m'miyendo ndi m'manja, poti thupi likukonzekera ndewu kapena liwiro. Ntchito yogaya chakudya imayamba yaima, n'chifukwa chake m'mimba mumabwadamuka ndipo malovu amauma gwaa. Mpweya umathera pachifuwa, mawu n'kumatuluka onjenjemera. Tsoka lake, m'chipinda cha intaviyu mulibe womenyana naye ndipo simungathawe, choncho mphamvu yonseyo imasowa kolowera, munthu n'kungoti kakasi.

Chopweteka kwambiri ndi mutu kuima. Funso mwalimva, yankho mukulidziwa, dzulo lomweli mumalinena kubafa, koma pano m'mutu mwayera mbee. Sian Beilock, amene analemba buku lotchedwa Choke mu 2010, amafotokoza kuti mbali ya ubongo imene imagwirizira zinthu zoti muzigwiritse ntchito nthawi yomweyo ndi yaing'ono, ndipo nkhawa imalimbirana malo omwewo ndi maganizo. Ili ngati lichero: mukadzazamo "andiona bwanji", "ndikalephera kunyumba ndikanena chiyani", "tayiyu wapindika kodi", funso la bwana lija limasowa pokhala. Nzeru sizinathawe ayi. Si paja yankho lonse limabwera bwinobwino mukangokhala pampando wa minibasi pobwerera kwanu?

Kwathu kuno timalowa m'chipindacho titasenzanso katundu wina. Tinakula tikuuzidwa kuti wamkulu sayang'anidwa m'maso, kuti mwana sachulutsa mawu akulu ali pomwepo, kuti kutchula wekha zabwino zako ndi matama. Mwambo wabwino umenewu, ndipo sindikunena kuti muutaye. Koma intaviyu imafuna kuti kwa theka la ola muchite zitatu zonsezi, zomwe munkakalipiridwa nazo kuyambira muli ku pulayimale. Atsikana ndiye zimawavuta koposa, poti iwo analangizidwa mobwerezabwereza za kufatsa. Ndinaonapo mtsikana amene mapepala ake anali abwino kuposa a onse amene tinawaitana, akuyankha maso ali pa nsapato zake, mawu otsika moti wapampando anachita kupendeketsa khutu. Kunena zimene munachita, mutafunsidwa, ndi munthu woti akufuna kukupatsani udindo, si kudzikweza. Mukazibisa, iye azidziwira kuti? Ngati maso a wamkulu akukulemerani, yang'anani pakati pa nsidze zake. Iye saona kusiyana kwake.

Palinso Chingerezi. Ambiri timaganiza m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao kapena m'Chilomwe, kenako n'kumasulira tisanatsegule pakamwa, ndipo ntchito yomasulirayo imadyanso malo m'mutu. Pamwamba pake pali chilonda cha kusukulu, kumene wothyola Chingerezi ankasekedwa ndi kalasi yonse, ndipo wogwidwa akulankhula chinenero cha makolo ake ankapatsidwa chibalo. A panelo si a MANEB. Pokhapokha ngati mukufunsira ntchito yophunzitsa Chingerezi kapena yolemba makalata, palibe amene akuwerenga kuti mwaphonya kangati. Nawonso amathyola akatopa. Lankhulani ziganizo zifupizifupi, ndi mawu amene munawazolowera. Mawu akuluakulu otola dzulo m'dikishonale ndi amene amayamba kuthawa.

Katundu wolemera koposa ndi kuchepa kwa ntchito. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi tinalipo oposa 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka anali ana osakwana zaka 18. Ena mwa ana aja ndinu amene lero mukuyenda ndi maenvelopu a khaki. Chaka ndi chaka UNIMA, MUBAS, LUANAR, MZUNI, KUHeS, MUST, mayunivesite a mipingo ndi makoleji a ntchito zamanja amatulutsa enanso. Mukukumbukira za mu 2020, unduna wa zaumoyo utalengeza kuti ofuna ntchito angofika okha kudzafunsidwa mafunso? Pa sekondale ya Katoto ku Mzuzu khamu linapondana mpaka ambiri kuvulala. Zinthu zikafika potere, munthu akaitanidwa kamodzi amaona kuti moyo wake wonse wapachikika pa mphindi 30. Amalowa atasenza fizi ya mng'ono wake, feteleza wa amayi, ndi ngongole ya ndalama yokwerera basi. Langizo langa pano ndi laling'ono: musalengeze ku mtundu wonse kuti mwaitanidwa. Uzani mmodzi kapena awiri oti akupempherereni. Aliyense amene mwamuuza mumalowa naye m'chipindamo, ndipo amakhala akukuyang'anani pamene mukuyankha.

Tsopano ndikuuzeni za kumbali yathu ya tebulo, poti ambiri mumatiyesa oweruza milandu. M'malo ambiri olongosoka, kaya ndi m'boma, kubanki kapena kubungwe lothandiza anthu, wofunsa aliyense amakhala ndi pepala la mafunso omwewo amene afunsidwe kwa onse, ndipo funso lililonse lili ndi malikisi ake. Mukationa tawerama tikulemba, sikuti tikutola zolakwa zanu. Tikusunga zimene mwanena kuti tisakusokonezeni ndi amene wangotuluka uja. Nkhope zouma zija kawirikawiri ndi kutopa. Mwina mwalowa dzuwa litapendeka, tiyi anazizira kalekale, ndipo wina mwa ife akuganiza za mwana wake wodwala. Chachikulu n'chakuti ife timafuna kuti wina akhoze. Palibe panelo imene imasangalala kutha tsiku lonse osapeza munthu, n'kukalengezanso ntchitoyo m'nyuzipepala.

Pepala lija likutanthauza kuti mukauma pa funso limodzi, mwataya malikisi a funso limenelo basi. Ambiri amene ndawaona akugwa sanagwe ndi funso limene anasowa poyankha. Anagwa chifukwa mafunso otsatira anawayankha mtima uli pa loyamba lija, akudzitukwana chamumtima.

Komanso mantha anu sitiwaona mmene inu mukuwamvera. Kenneth Savitsky ndi Thomas Gilovich anafalitsa kafukufuku wa zimenezi mu 2003: olankhula pagulu ankaganiza kuti mantha awo akuonekera kwambiri kuposa mmene omvera ankawaonera, ndipo amene anauzidwiratu mfundo imeneyi analankhula bwino kuposa anzawo. Kugunda kwa mtima wanu kumamveka m'makutu mwanu mokha. Choncho musayambe ndi kupepesa kuti muli ndi mantha, chifukwa mukutilozera chinthu chimene mwina sitikanachiona.

Msampha waukulu umene ndauona ndi kuloweza. Sukulu zathu zinatizoloweza kuti kukonzekera mayeso ndiko kumeza manotsi n'kukawalavula papepala, ndiye achinyamata amatenga mayankho pa intaneti kapena m'magulu a WhatsApp n'kuwaloweza liwu ndi liwu. Mnyamata wina tinamupempha kuti atiuze za iye mwini. Anayamba bwino, mawu akuyenda mosadodoma, mpaka mnzathu wina anamudula kuti afotokozepo za kosi ina imene anaitchula. Mnyamatayo anaima, anayang'ana kudenga, kenako anayambiranso pa dzina lake ndi chaka chobadwa. Tonse tinamumvera chisoni. Mawu oloweza amadalirana, moti likasowa limodzi otsatira onse amapita nalo. Ndiponso timawazindikira, chifukwa pofika masana timakhala titamva kale anthu angapo akunena kuti chofooka chawo chachikulu ndi kulimbikira ntchito mopitirira muyeso.

Mantha amafufuta zoloweza, koma zimene munazichita ndi manja anu sazifufuta msanga. Amene anasowetsapo ndalama za gulu n'kugona m'maso kuzifufuza mpaka kuzipeza sangaiwale tsikulo, ngakhale anjenjemere chotani. Choncho m'malo moloweza mayankho, sonkhanitsani nkhani zanu zenizeni, zisanu kapena zisanu ndi imodzi: nthawi imene munathetsa vuto, imene munasemphana ndi mnzanu n'kugwirizananso, imene munalakwitsa n'kukonza, imene munaphunzira chinthu mofulumira, imene munatsogolera anzanu. Pa nkhani iliyonse sungani zitatu zokha m'mutu: zinthu zinali bwanji, inuyo munachita chiyani, zinatha bwanji. Mawu ake adzabwera okha, ndipo akasiyana ndi a dzulo palibe kanthu.

Mwina mukuti, "Ine sindinalembedwepo ntchito, nkhani ndiitenga kuti?" Apa m'pamene mumadzinyoza. Inu amene munasungapo buku la banki m'khonde chaka chathunthu osasowetsa ndi tambala yomwe, muli ndi nkhani ya kukhulupirika. Inu amene munachitapo geni ya tomato kapena ya kaunjika mukudziwa kuwerengera phindu, kunyengerera kasitomala wokwiya ndi kupirira katundu akaola kapena akakana kuyenda, zinthu zoti ena a madigiri awiri sazidziwa. Inu amene munaphunzitsapo kalasi yodzaza pansi pa mtengo pa nthawi yoyeserera uphunzitsi, kapena munali mlembi wa kwaya, kapena munasamalira agogo odwala uku mukulemba MSCE, musabwere kudzatiuza kuti mulibe chonena. Kungoti pofotokoza timakonda kubisala mu "tinachita", "tinaganiza". Ife sitikulemba ntchito gulu lonselo. Nenani kuti "ine ndinachita chakuti", ndipo anzanuwo muwatchule pamene akuyenera kutchulidwa.

Nkhanizi muzizinena mokweza. Kuziganiza chamumtima muli chigonere pamphasa si kukonzekera, chifukwa pakamwa ndi pamene pamauma, ndiye ndi pamene pafunika kuzolowera. Ndipo musayeserere pamaso pa mnzanu wapamtima yekha, woti muzingoseka naye. Pezani munthu amene mumamuopako: amalume aukali aja, ahedi opuma pantchito, mkulu wa mpingo. Apempheni akhale kuseri kwa tebulo, asamwetulire, akufunseni m'Chingerezi, akuduleni pakati, akufunseninso chinthu chimene simunakonzekere. Valani zovala zimene mudzavale, ndi nsapato zomwe. Cholinga chake n'choti muume pakamwa pomwepo, pakhonde la amalume, thupi lione kuti munthu amauma n'kuyambanso kulankhula, osafa. Ngati foni yanu imajambula, dzijambuleni. Mudzachita manyazi poonera, koma mudzadabwa kuona kuti nthawi imene munakhala chete ija, imene inkaoneka yosatha, inali masekondi ochepa chabe.

Nanga zikachitika pa tsikulo? Funso lafunsidwa, m'mutu mwayera. Yambani ndi kutulutsa mpweya, pang'onopang'ono, motalika kuposa mmene munaukokera. Anthu amakonda kunena kuti kokani mpweya wambiri, koma wamantha amakhala akukoka kale mopitirira. Kutulutsa mofatsa ndi kumene kumatsitsa liwiro la mtima. Pondani pansi ndi mapazi onse awiri mpaka mumve simenti. Ngati pali madzi patebulo, imwani. Anaikira inu, si okongoletsera. Kenako bwerezani funsolo m'mawu anuanu: "Ngati ndamva bwino, mukufuna kudziwa mmene ndingachitire ndi kasitomala amene wakwiya." Pamene pakamwa pakunena zimenezi, mutu umapeza mpata, ndipo nthawi zambiri imodzi mwa nkhani zanu zija imatulukira.

Ikakana, pemphani. "Pepani bwana, mungabwereze funsolo?" Sindinaonepo wochotsa malikisi pa zimenezi, ndipo paja safunsa anadya phula. Mukhozanso kunena kuti, "Ndipatseni kamphindi ndiganize," kapena, "Kodi ndingalibwerere funsoli kumapeto?" Mayi wina wachitsikana anatero titamufunsa za kasungidwe ka katundu wa mu ofesi. Anakhala chete, manja akunjenjemera pachikwama, kenako anapempha kuti alidumphe kaye. Tinapitiriza. Pofika kumapeto ife tinali titaiwala, koma iye anatikumbutsa yekha, n'kuliyankha bwino lomwe. Atatuluka, wapampando anati munthu wotere ndi amene angamusiyire makiyi, chifukwa zinthu zikamuthina sanama ndipo sathawa. Ntchitoyo tinapatsa iyeyo.

Ngati chinthucho simukuchidziwa n'komwe, nenani choncho, kenako onjezani chimene mukudziwa choyandikana nacho ndi kumene mungakafunse mutayamba ntchito. Choipa ndi kubwebweta. Wamantha amaopa zii wa m'chipindamo, ndiye amalankhula, n'kulankhulabe, kuzungulirazungulira, akuyembekeza kuti yankho alitola m'njira. Mukamaliza mfundo yanu, tsekani pakamwa. Ife tikakhala chete ndiye kuti tikulemba.

Za tsikulo sindichulutsa, mukuzidziwa. Kaoneni malowo dzulo lake ngati n'kotheka, chifukwa maofesi a ku Capital Hill amasokoneza ngakhale ozolowera, ndipo minibasi ya ku Ndirande kapena ya ku Area 25 sinyamuka isanadzaze chifukwa choti inu muli ndi intaviyu. Masatifiketi enieni, mafotokope ake ndi chiphaso cha unzika zigone mu envelopu. Idyani kanthu m'mawa. Ngati ndi ya pafoni kapena pa Zoom, tchajani foni, gulani bandulo yokwanira, ndipo dziwiranitu kothawira magetsi akazima. Koma kabotolo kolimbitsa mtima ayi. Mowa umamveka fungo m'chipinda chotseka, ndipo mapiritsi opatsidwa ndi mnzanu akhoza kukuwodzeretsani pampando.

Malo oopsa kuposa chipinda chenichenicho ndi pabenchi podikirira. Pamenepo sipalephera kukhala wina wa suti yonyezimira amene akufotokoza za madigiri ake mokweza, ndi wina wonong'ona kuti, "Tikungotaya nthawi apa, ntchitoyi anapatsana kale." Sindikunamizani kuti kukondera kulibe m'dziko muno. Kulipo, ndipo kwapweteka ana ambiri a amphawi. Koma wonong'onayo sakudziwa kanthu kuposa inu, ndipo taonani kuti iye mwini sananyamuke kubwerera kwawo. Ndaonaponso munthu amene anakhala wachiwiri akuitanidwa patapita miyezi, woyamba atakana malipiro kapena mpata wina utatseguka. Khalani poteropo, muwerengenso chilengezo cha ntchito chija, poti mafunso ambiri amachokera momwemo. Ndipo aliyense wokuimbirani kuti mutumize ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuti dzina lanu lilowe pa mndandanda ndi wakuba, ngakhale atchule dzina la bwana weniweni.

Alipo ena amene vuto lawo si la intaviyu yokha. Ngati mtima umathamanga chomwechi mukafuna kulankhula m'kalasi, kutchalitchi, ngakhale pogula zinthu mumsika, mpaka mumapewa anthu kapena kusowa tulo masabata, limenelo ndi vuto lochizika, ndipo si misala. M'zipatala zambiri za m'maboma muli anamwino ndi azachipatala ophunzira za matenda a maganizo, ndipo a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amapereka uphungu. Achibwibwi nanu, nenani poyambirira pomwe kuti muli ndi chibwibwi ndipo mufunika kanthawi. Mukatero simulimbananso ndi kuchibisa, ndipo panelo yanzeru imadikira.

Mukatuluka musayambe ndi kuimbira anthu. Khalani penapake, pansi pa mtengo kapena m'minibasi momwemo, mulembe mafunso onse amene munafunsidwa mutu usanawataye, ndipo muike chizindikiro pa limene linakuumitsani. Yankho labwino likabwera mochedwa, monga mwa chizolowezi chake, lilembeni pomwepo. Mafunso a ntchito za mtundu umodzi amafanana kwambiri, moti limene lakugwetsani ku Blantyre mukhoza kukalipezanso ku Lilongwe mwezi wamawa. Kapepalako mupite nako kwa amalume aja, akayambire pa funso lomwelo.